Kusintha mashoko akumbuyo odzikweza okha pa Volvo 850 ndi V70 yakale

Galimoto zambiri zikalemedwa ndi katundu zimakhala pansi kumbuyo, ndipo zimayenda choncho mpaka katunduyo atatsitsidwa. Koma zilipo zina, makamaka zazitali zija zonyamula banja ndi katundu pamodzi, zomwe zikangoyenda kamtunda pang'ono kumbuyo kwake kumakwera kokha n'kubwerera pamlingo wake, katundu akadali momwemo. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi mashoko a mtundu wapadera, ndipo odziwika kwambiri mwa iwo ndi a Nivomat, omwe anayamba kupangidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa Boge, ndipo lero amagulitsidwa m'dzina la Sachs, pansi pa kampani ya ZF. Malangizo awa akukhudza Volvo 850, yomwe inayamba kupangidwa mu 1991, ndiponso V70 yoyamba, yomwe inalowa m'malo mwake chakumapeto kwa 1996 n'kupitirira mpaka 2000, koma zokhazo zokoka ndi mawilo akutsogolo. Za mtundu wokoka ndi mawilo onse anayi, kuphatikizapo V70 Cross Country, zinamangidwa mosiyana kumbuyo kwake, ndipo kamasulidwe kake si kameneka.

Mfundo yofunika kuigwiritsitsa musanagule chilichonse ndi yakuti shoko ya Nivomat imasenza nawo kulemera kwa galimoto. Shoko wamba sisenza kanthu. Ntchito yake ndi kuletsa sipuling'i kuti isamangodumphadumpha galimoto ikagunda dzenje. Popeza Nivomat imathandiza kusenza, opanga galimoto anaiphatikiza ndi masipuling'i ofewa kusiyana ndi a galimoto ya mashoko wamba. Choncho shokoyo ndi sipuling'i yake n'zinthu zoyendera limodzi, ndipo wosintha chimodzi osaganizira chinzake amawononga kayendedwe ka galimoto yonse.

Ndinaziona ndekha pa V70 yomwe ndinagula kwa munthu wina. Inkaoneka yabwinobwino ikakhala yopanda kanthu, ngakhale kuti kumbuyo kwake kunali kotsikirapo pang'ono. Tsiku lina pobwera kumudzi ndinaika m'buti matumba atatu a chimanga, kumpando wakumbuyo kutakhala anthu awiri, ndipo pa hampu iliyonse ekizozi inkakhula pansi, pomwe madzulo oyendetsa galimoto zobwera kutsogolo ankandithwanimitsira magetsi chifukwa nyale zanga zinkaloza m'maso mwawo. Nditalowa pansi pake m'mawa mwake ndinapeza mashoko wamba, oonda, atsopano ndithu, atamangidwa pambali pa masipuling'i ofewa a Nivomat. Amene anachita zimenezi anapulumutsa ndalama zake, koma galimotoyo inasiya kukhala yonyamula katundu.

Zomwe zimachitika m'kati mwake

Nivomat ilibe waya wamagetsi, ilibe paipi yochokera kwina, ndiponso ilibe makina opopa mpweya. Zonse zili m'kati mwa thupi lake lonenepa lija. Muli oyilo, muli mpweya wa nitrogen wopanikizidwa kwambiri, ndipo muli kapampu kakang'ono komwe kamayendetsedwa ndi kukwera ndi kutsika kwa wilo pamsewu. Katundu akatsitsa galimoto, kugwedezeka kwa paulendo kumapopa oyilo kuchokera m'chipinda chosungira kupita m'chipinda cha mphamvu, ndipo oyiloyo amakankha ndodo ya shoko kuti italike, galimoto n'kumakwera pang'onopang'ono. Ikafika pamlingo woyenera, kanjira kena m'kati kamatseguka ndipo oyilo wowonjezera amabwerera komwe anachokera, kotero kuti kukwerako kumalekera pomwepo. Mukatsitsa katundu, kumbuyo kumakhala kokwera kwa kanthawi, kenako n'kutsika kokha.

Izi zikutanthauza kuti shoko imeneyi sikweza kumbuyo galimoto itaima. Mukaika katundu pabwalo n'kuona kumbuyo kutatsika, kapena mukasiya galimoto yodzaza usiku wonse n'kuipeza itakhala pansi m'mawa, musafulumire kunena kuti mashoko atha. Tisasokonezenso mtundu uwu ndi wa Mercedes-Benz W123 ndi W124 zazitali zija, zomwe zili ndi pampu yoyendetsedwa ndi injini, mapaipi a oyilo ndi mipira yachitsulo ya mpweya. Kumeneko kuli mphamvu ya oyilo yofunika kuitulutsa kaye musanamasule paipi iliyonse, ndipo ndi ntchito ina.

Kutsimikiza kuti mashoko athadi

Yambani ndi kuona ngati galimoto yanu ilidi ndi Nivomat, pakuti si 850 kapena V70 iliyonse inatuluka nayo kufakitale, ndipo pa galimoto ya zaka zoposa 20 eni ake akale akhoza kukhala atasintha. Suzumirani kuseri kwa wilo lakumbuyo ndi tochi. Nivomat ndi yonenepa kwambiri poyerekeza ndi shoko wamba, ili ndi chovala cha labala chopindikapindika chomwe chimaphimba ndodo yake, ndipo mukapukuta fumbi pathupi pake nthawi zambiri mumapeza dzina lake ndi nambala.

Kenako yezani, pakuti maso okha amanamiza. Imikani galimoto pamalo osalala, yopanda katundu, ndipo ndi tepi yezani kuchokera pakati penipeni pa wilo kufika pamlomo wa madigadi, mbali zonse ziwiri. Timayeza kuchokera pakati pa wilo osati pansi, kuti mpweya wa m'tayala usasokoneze muyeso. Lembani manambalawo papepala. Mukatero ikani m'buti katundu wolemera ndithu, monga matumba atatu a makilogalamu 50, n'kuyezanso. Yendetsani galimotoyo makilomita awiri kapena atatu pamsewu wogwedeza pang'ono, mubwerere pamalo omwe aja, ndipo muyeze kachitatu katundu asanatsitsidwe. Ngati mashoko ali moyo, muyeso wachitatu uyandikira woyamba. Ngati sunasinthe kuchokera pa wachiwiri, pampu ya m'kati yaleka kugwira ntchito, ndipo ngati mbali imodzi yakwera pomwe inayo yatsalira, ndiye kuti yatha ndi imodzi.

Zizindikiro zina n'zodziwika kwa aliyense woyendetsa galimoto: kumbuyo kumapitiriza kudumpha mukadutsa hampu, kumagogoda pamsewu wafumbi, ndipo matayala akumbuyo amatha modumphitsadumphitsa, pena pakuya pena posaya. Kokani chovala cha labala chija m'mwamba pang'ono muone pansi pake. Kachinyezi kochepa komwe kagwira fumbi sikoopsa, koma ngati oyilo wanyowetsa thupi lonse mpaka kudontha ku nati yapansi, shokoyo yatha, ndipo palibe njira yoithiriranso oyilo kapena mpweya kunyumba. Onetsetsaninso masipuling'i, pakuti sipuling'i yothyoka kumapeto kwake imatsitsa galimoto mbali imodzi chimodzimodzi, ndipo kuthyokako kumabisika m'matope omwe amadzaza pokhalira pake.

Kusankha chogula

Pali njira ziwiri zolondola, ndipo yachitatu ndi yolakwika ija ndafotokoza kale. Yoyamba ndi kugula Nivomat zatsopano ziwiri n'kusiya masipuling'i omwe alipo ngati ali bwino. Yachiwiri ndi kuchoka ku Nivomat kotheratu, kutanthauza kugula mashoko wamba awiri pamodzi ndi masipuling'i olimba a galimoto yomwe inatuluka ndi mashoko wamba.

Nivomat imodzi imadula kangapo kuposa shoko wamba, ndipo si m'sitolo iliyonse ya zipangizo za galimoto momwe mungaipeze, moti ambiri amachita kuitanitsa kunja n'kudikira. Ngakhale zili choncho, maganizo anga ndi akuti ngati galimotoyo imanyamula katundu kawirikawiri, imakoka ngolo, kapena imayenda maulendo ataliatali itadzaza anthu, ndalamazo sizipita pachabe. Galimoto yoyenda yowongoka imasiya mpata wokwanira pansi pake, nyale zake zimaloza pamsewu, ndipo mawilo akutsogolo, omwe pa galimoto iyi ndi omwe amakoka ndi kukhota, sapepukidwa. Koma ngati ndi yongopitira kuntchito muli awiri, njira yachiwiri ndi yabwino ndithu, bola masipuling'i asinthidwe.

Pogula, tengani nambala ya chesisi ndiponso nambala yolembedwa pa shoko yakale, chifukwa Nivomat zimasiyana kutalika ndi mphamvu malinga ndi galimoto, ndipo kufanana kwa maonekedwe sikokwanira. Gulani ziwiri ngakhale itatha ndi imodzi, pakuti yatsopano ndi yakale sizikweza mofanana ndipo galimoto imapendekeka. Gulaninso zomangira zapamwamba, zomwe ndi kachitsulo kokhala ndi labala pakati, ndipo muonetsetse kuti n'zogwirizana ndi mtundu wa shoko yomwe mwasankha. Labala wa zaka zambiri amakhala ataphwanyika, ndipo kumanga shoko yodula pa chomangira chotha kumabweza kugogoda komwe mumafuna kuthetsa. Za Nivomat zochotsedwa pa galimoto zowonongeka, ndingonena kuti simungadziwe ngati pampu yake ikugwira ntchito mpaka mutaimanga n'kuyenda nayo, choncho musalipire musanagwirizane ndi wogulitsa kuti akubwezerani ndalama ikalephera.

Zida ndi malo ogwirira ntchito

Mufunika jeke yolimba ya mawilo, masitandi awiri achitsulo oimikirapo galimoto, masoketi ndi masipanala a mamilimita 12 mpaka 19, chitsulo chachitali chowonjezera mphamvu pomasula, bulashi ya waya, mankhwala opopera omasula dzimbiri monga WD-40, hamala, ndi torque wrench, yomwe ndi sipanala yoyezera kulimba kwa nati. Pezaninso buku la kakonzedwe ka galimoto yanu, chifukwa m'menemo ndi momwe mwalembedwa kulimba koyenera kwa nati ndi bawuti iliyonse.

Malo akhale a simenti ndiponso osapendekeka. Padothi, ngakhale louma, phazi la sitandi limatha kulowa pansi pang'onopang'ono inu muli pansi pa galimoto. Musaimike galimoto pa njerwa zootcha kapena pa mabuloko a simenti. Ndaonapo njerwa yooneka yolimba ikuphwasuka nthawi imodzi popanda chenjezo lililonse, galimoto n'kugwera pa disiki ya buleki, ndipo mwayi unali wakuti munthu anali atangotulutsa dzanja. Musadalirenso jeke yokha. Tayala lomwe mwachotsa liikeni chogona pansi pa galimoto m'mbali mwake, kuti ngati chilichonse chitalephereka, galimoto igwere pa ilo.

Madzulo a tsiku loti mawa mugwire ntchitoyi, tsukani matope kuseri kwa mawilo, palani ulusi (mizere yomwe nati imazungulirapo) wa nati yapansi ya shoko ndi bulashi ya waya, n'kupoperapo mankhwala aja kuti alowerere usiku wonse. Galimoto zomwe zinayendapo ku Britain kapena kumpoto kwa Ulaya, komwe amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, zimakhala ndi dzimbiri lambiri pansi, ndipo kupopera kawiri kapena katatu kumapulumutsa nthawi yaitali.

Kuchotsa shoko yakale

Tsitsani katundu yense m'buti. Ikani giya yoyamba, kapena P ngati ndi otomatiki, ndipo mupinge mawilo onse akutsogolo ndi matabwa kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Kumbukirani kuti handibuleki imagwira mawilo akumbuyo, choncho mukangowakweza m'mwamba ilibenso ntchito, ndipo chogwira galimoto ndi giya ndi matabwa ajawo basi.

Musanakweze, tsegulani buti mupeze pamwamba pa shoko. Pa galimoto yaitali, pindani mipando yakumbuyo n'kuchotsa chivundikiro cha pansi chomwe chili kuseri kwake. Pa 850 yaifupi, funyululani kapeti wa m'buti cham'mbali. Pafupi ndi chitunda cha wilo mupeza chomangira chija, chogwidwa ndi mabawuti awiri kuthupi la galimoto, pakati pake pali nati yogwira ndodo ya shoko. Pukutani fumbi, koma musamasule kanthu pakali pano.

Masulani pang'ono mabawuti a mawilo akumbuyo galimoto ikadali pansi, kenako ikwezeni, muike masitandi pamalo olimba omwe buku likusonyeza, osati pansi pa chitsulo chogwira wilo, chifukwa chitsulocho chiyenera kukhala chomasuka kukwera ndi kutsika. Tsitsirani galimoto pa masitandi, muigwedeze ndi manja kuti mutsimikize kuti yakhazikika, n'kuchotsa mawilo.

Pa galimoto iyi sipuling'i ili payokha ndipo shoko ili payokha, choncho ngati mukusintha mashoko okha simufunika chida chopanikizira sipuling'i. Komabe shokoyo ndi yomwe imaletsa chitsulo chogwira wilo, chomwe amakanika amachitcha mkono, kuti chisatsike mopitirira. Mukaimasula mkonowo uli lende, sipuling'i iukankhira pansi mwamphamvu, ndipo paipi ya labala ya buleki ndi waya wa ABS (makina oletsa mawilo kukakamira mukaponda buleki mwamphamvu) zikhoza kukokeka. N'chifukwa chake muyenera kuika jeke pansi pa mkono, mutaikapo kathabwa pakati, n'kukweza pang'ono mpaka muone kuti kulemera kwa mkono kwakhala pa jekeyo. Gwirani ntchito mbali imodzi kaye, kuti inayo ikhale chitsanzo choonera mukaiwala kuti china chinali pati.

Masulani nati yapansi pamodzi ndi washa yake. Diso la shoko limalowa pa chitsulo cha ulusi chomwe chinatuluka pa mkono, ndipo apa ndi pomwe ntchito imachedwa, chifukwa kapaipi kachitsulo ka m'kati mwa labala kamamatirira ndi dzimbiri. Musamenye ulusiwo ndi hamala, pakuti ukaphwanyika nati sidzalowanso, ndipo kukonza kwake n'kovuta kuposa ntchito yonse yomwe mwayamba. Poperani mankhwala, lowetsani chitsulo chotukulira pakati pa diso ndi mkono, mukankhe pang'onopang'ono kwinaku mukugogoda diso lenilenilo cham'mbali. Ngati ikukana, kwezani kapena tsitsani jeke pang'ono, popeza Nivomat imakankha mwamphamvu kufuna kutalika, ndipo pali malo amodzi pomwe kukankhako kumachepa diso n'kutsetsereka lokha. Moto musauyandikize n'komwe. Amakanika ambiri anazolowera kutenthetsa nati yokanika ndi gasi, koma pafupi ndi shoko yodzaza mpweya wopanikizidwa ndiponso thanki ya petulo, chizolowezi chimenecho chikhoza kupha munthu.

Diso likachoka, bwererani m'buti mumasule mabawuti awiri a chomangira, wina atagwira shoko pansi kuti isagwe. Shoko imatulukira m'mwamba pamodzi ndi chomangira chake. Ngati kunenepa kwa Nivomat kukuvuta pabowopo, masulani nati yapakati ili pomwepo, muchotse chomangira, shokoyo muitulutsire pansi. Pomasula nati yapakatiyi ndodo imafuna kuzungulira limodzi nayo, choncho igwireni kunsonga kwake komwe kunapangidwira kugwirako. Pa shoko yakale zilibe kanthu kwenikweni, koma pa yatsopano musagwire ndodo yonyezimira ndi pulayala, chifukwa kachipsera kakang'ono pandodopo kamadula labala wotsekera oyilo, ndipo shokoyo iyamba kudontha m'miyezi yochepa. Yalani zonse zomwe mwachotsa pansalu motsatana ndi mmene zinalili, kapena jambulani ndi foni musanazisokoneze.

Ngati mukusinthanso masipuling'i

Amene asankha mashoko wamba achite izi shoko zatsopano zisanamangidwe. Masulani mashoko mbali zonse ziwiri, mkono uliwonse utachirikizidwa, chifukwa mikono iwiriyi ndi yolumikizana ndipo umodzi sutsika mokwanira unzake uli womangika. Tsitsani jeke pang'onopang'ono, maso ali pa paipi ya buleki ndi waya wa ABS, ndipo zikayamba kukokeka imani, muzimasule pa timagwiriro take kaye. Sipuling'i ikatheratu mphamvu moti mukhoza kuigwedeza ndi dzanja, masulani zomangira zake n'kuichotsa. Ngati mkono wafika pomalizira koma sipuling'i ikadali yolimba, musaitukule ndi chitsulo. Pezani chida chopanikizira sipuling'i. Palani matope ndi dzimbiri pokhalira pake, ndipo poika yatsopano onetsetsani kuti nsonga ya waya wake yakhala m'kakhwawa komwe inakhala yakale, apo ayi izilira ndiponso galimoto sikhala yowongoka.

Kumanga shoko yatsopano

Ikani yatsopano pambali pa yakale muyerekeze kutalika, kukula kwa diso ndi ulusi wapamwamba. Mukaona kusiyana kulikonse, imani pomwepo mufunse wogulitsa, chifukwa shoko yomwe yamangidwapo kale savomera kuibweza.

Mangani chomangira chatsopano pa ndodo motsatana ndi mmene zakale zinalili, ndipo mugwiritse ntchito nati yatsopano yomwe yabwera ndi shokoyo. Lowetsani shoko m'malo mwake, mulowetse mabawuti awiri apamwamba ndi zala kaye kuti ulusi usapingasane, kenako muwalimbitse ndi torque wrench monga mwa buku. Mabawuti amenewa ndi aang'ono ndipo amalowa m'thupi la galimoto, choncho kuwakoka mopitirira kumadula ulusi.

Pansi, palani chitsulo cha ulusi chija mpaka chiyere, mupakepo girisi pang'ono kuti amene adzamasule mtsogolo asadzavutike. Shoko wamba mukhoza kuifinya ndi manja kuti diso lifike pamalo, koma Nivomat yatsopano ndi yolimba moti simungaifinye motero, ndipo si bwino kulimbana nayo. M'malo mwake sunthani mkono: kwezani kapena tsitsani jeke pang'onopang'ono mpaka chitsulo cha ulusi chiyang'anizane ndi diso, kenako mukankhe diso lilowe. Ikani washa ndi nati, muzungulize mpaka igunde, koma musailimbitse.

Chifukwa chosailimbitsira n'chofunika kuchimvetsa, pakuti ambiri amalakwitsa pomwepa. M'diso la shoko muli labala womatiridwa ku kapaipi kachitsulo, ndipo nati ikalimba kapaipiko sikazunguliranso. Chomwe chimapotoka wilo likamakwera ndi kutsika ndi labalayo. Mukalimbitsa nati mawilo ali lende, ndiye kuti mukatsitsa galimoto labala akhala wopotoka nthawi zonse, ngakhale galimoto itangoima, ndipo ang'ambika msanga. Nati imeneyi iyenera kulimbitsidwa mkono uli pomwe umakhala galimoto ikaima ndi mawilo ake. Njira yosavuta ndi kumaliza mbali zonse ziwiri, kubwezera mawilo, kutsitsa galimoto, kuikankha kutsogolo ndi kumbuyo pang'ono kuti ikhazikike, kenako n'kulimbitsa manati apansiwo ili pansi. Ngati dzanja silikufika, kwezani mkono ndi jeke mpaka mtunda wa pakati pa wilo ndi madigadi ufanane ndi muyeso woyamba uja munalemba papepala, mulimbitse zili choncho, koma musamale kuti galimoto isanyamuke pa sitandi.

Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Musanabwezere mawilo, onani kuti paipi ya buleki ndi waya wa ABS zabwerera m'timagwiriro take ndipo sizikukhudza shoko, makamaka ngati ndi Nivomat yomwe imadya malo ambiri, ndiponso kuti chovala cha labala chakhala bwino osapindika. Mabawuti a mawilo a 850 ndi V70 yoyamba amalimbitsidwa pa 110 Nm, womwe ndi muyeso wa pa torque wrench, modumphitsa ngati mukujambula nyenyezi, galimoto ili pansi.

Kuyesa pamsewu

Musadabwe ngati mukangotsitsa galimoto ikuoneka yokwera kapena yotsika kuposa mmene mumayembekezera, pakuti Nivomat yatsopano imapeza mlingo wake ikayenda. Yendani makilomita angapo opanda katundu, mawindo ali otsegula, mukumvetsera. Kugogoda kochokera m'buti nthawi zambiri kumasonyeza kuti nati yapakati sinafike pomalizira kapena kuti washa ina yaikidwa chozondoka. Mukabwerera, bwerezani kuyeza kuja katatu ndi matumba omwe aja. Pa Nivomat, muyeso wa pambuyo pa ulendo uyenera kuyandikira wa galimoto yopanda katundu, ndipo mbali ziwirizo zikhale zofanana. Pa mashoko wamba ndi masipuling'i olimba, kumbuyo kutsika ndithu ndipo sikukweranso, koma kutsikako kukhale kochepa, kosafika poti labala woletsa kugunda akhudze.

Popeza kutalika kwa kumbuyo kwasintha, nyale zakutsogolo zasinthanso poloza. Usiku imikani galimoto moyang'anizana ndi khoma pamalo osalala muone ngati kuwala sikunatsike kapena kukwera mopitirira, makamaka ngati wina anazitsitsapo kale pofuna kubisa kukhala pansi kwa galimoto. Ngati mwasintha masipuling'i, kapena ngati matayala akale anatha mbali imodzi, pitani kokayezetsa mawilo kuti aone ngati akuloza bwino. Mukayenda makilomita 50 kapena kuposerapo pang'ono, yesaninso mabawuti a mawilo ndi manati apansi a mashoko ndi torque wrench, ndipo musuzumire ngati palibe oyilo pathupi la shoko.

Mashoko akale musawasiye pabwalo pomwe ana amasewera, ndiponso musawapereke kwa owotcherera zitsulo kapena ogula zitsulo zakutha popanda kuwauza chomwe chili m'kati. Ngakhale Nivomat yodontha oyilo imakhalabe ndi mpweya wopanikizidwa, ndipo ikadulidwa ndi galainda, kubooledwa kapena kuponyedwa pamoto wa zinyalala ikhoza kuphulika. Apititseni ku galaja yomwe imadziwa kutulutsa mpweya ndi oyilo wa m'mashoko, ndipo ngati akhala kaye kunyumba, alembeni ndi penti kuti asadulidwe kapena kuotchedwa, n'kuwaika pamalo otsekedwa.